Lilongwe wa Kale m'Zithunzithunzi

Mwezi uno tifuna kuyenda nanu ulendo wa ku Lilongwe. Ambiri a inu mudafikako kale: ena kukagulitsa fodya ku Kanengo, ena kukazonda odwala ku cipatala ca Kamuzu Central, ena kukaceza kwa mwana amene adapeza nchito m'tauni. Mudaona miseu yodzaza ndi magalimoto, nyumba zosanjikizana, ndi anthu oculuka ngati nyerere. Koma amene tifuna kukuonetsani lero ndi Lilongwe wa makolo athu, amene adatsala pa mapepala okha. Tidzamfuna m'zithunzithunzi zakale, ndipo tikatha kupenya ciri conse tidzapita kukaima pa malo omwewo, kuti tione cimene cidasanduka ndi cimene cikalipo.

Zithunzithunzi zotere zisungidwa m'malo angapo. Zina ziri ku Zomba, ku nyumba ya National Archives, kumene Boma lisunga makalata ace akale. Zina ziri ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, m'manja mwa bungwe la Society of Malawi. Zina zidaoloka nyanja pamodzi ndi eni ace. Ndipo zina ziri kwanu komweko, pansi pa sutikesi ya agogo, zokulungidwa m'kansalu.

Tisanayambe, gwirani mau awa: cithunzithunzi sicinama, komanso sicinena zonse. M'zaka zoyambazo makina ojambulira adali m'manja mwa Azungu, ndiwo a Boma, eni minda ya fodya ndi amisyoni. Iwo adajambula zimene zidawakomera m'maso, nalemba kumbuyo maina a anzao. Cotero pa cithunzithunzi ciri conse tidzafunsa mafunso atatu. Adajambula ndani? Akhala pakati ndani? Nanga aima m'mphepete, kapena adatsalira kunja, ndani?

Mtsinje ndi Boma

Dzina la Lilongwe ndi la mtsinje. Mtsinjewo ucokera ku mapiri a Dzalanyama, ku malire a Mozambique, nudutsa m'cigwa ca nthaka yabwino kufikira utathira m'Linthipe, amene atsikira ku nyanja ca ku Salima. Tauni isanabadwe, m'mbali mwa mtsinjewo mudali midzi ya Acewa, minda ya cimanga ndi mapira, madambo, madimba, ndi nkhalango za manda zimene nkhwangwa siidaloledwa kulowamo. Mpaka lero kufupi ndi msika waukulu kuli malo ochedwa Bwalo la Njobvu, pamene tsopano pali masitolo okhaokha. Dzina lokhalo litikumbutsa kuti kuno kudali chire.

Zaka zimenezo zidali za mantha, pakuti nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo zidasautsa dziko lonse la pakati. Angerezi adalengeza m'caka ca 1891 kuti dziko lino liri m'manja mwao. Adagonjetsa Mwase wa ku Kasungu mu 1895, Gomani mu 1896, ndi Mpezeni mu 1898. Mbiri inena kuti Boma loyamba la Lilongwe lidamangidwa m'dziko la mfumu Njewa m'caka ca 1902, ndipo mu 1904 malowo adakhala likulu la cigawo cimene Angerezi adacicha Central Angoniland, ngakhale eni dziko ambiri adali Acewa.

Cithunzithunzi ca Boma la masiku amenewo ncosabvuta kucifotokoza, cifukwa maboma a Nyasaland adali ofanana: nyumba yaifupi ya njerwa, yopakidwa njereza, ya khonde lalikulu, ndi mtengo wa mbendera patsogolo pace. Mzungu akhala pa mpando. Asikari aima cilili kumbuyo kwace. M'mphepete muli amtengatenga ndi onyamula macila, osabvala nsapato, maso ao ali tong'o pa makina acilendowo. Dzina la Mzungu lidalembedwa. Maina a enawo ai. Kunja kwa cithunzithunzico kudali mzere wa amuna odzapereka msonkho wa nyumba. Msonkho umenewo ndiwo udazoloweza anthu njira ya ku Boma, ndiwonso udatumiza anyamata ambiri ku Salisbury ndi ku Joni kukafuna masheleni. Ena adabwera ndi njinga ndi jekete. Ena adasanduka machona, osaonekanso.

Tizindikirenso kuti zithunzithunzi zakalezo nzakuda ndi zoyera basi. Sizionetsa kufiira kwa katondo wa Lilongwe, kapena pfumbi la mwezi wa October limene limalowa m'maso ndi m'nsima momwe, kapena matope a dzinja amene galimoto lidali kutitimiramo mpaka anthu a m'mudzi atabwera kudzalikankha.

Mlatho ndi matsidya awiri

Cimene cidakuza Lilongwe ndi mphambano. Apa padakumana mseu wocokera ku Dedza ndi ku Blantyre, mseu wopita ku Fort Manning ndi Fort Jameson, amene lero tiwacha Mchinji ndi Chipata, mseu wa ku Kasungu, ndi mseu wotsikira ku nyanja. Onse odutsa adayenera kuoloka mtsinje, ndipo pamene anthu aoloka mpamene wamalonda ayala katundu wace. Sipadapite zaka zambiri Boma litamangidwa, Amwenye adafika natsegula masitolo. Mandala ndi Kandodo nao adabwera.

Penyani cithunzithunzi ca mseu wa masitolo. Nyumba ziri ndondondo, za malata, ndi makonde oyang'ana ku mseu. Pa khonde pakhala telala ndi makina ace opalasa ndi miyendo, nsalu iri pa maondo. M'kati muli mcere, sopo, makasu, mikanda, palafini ndi mabulangete. Mwini sitolo ndi banja lace agona kuseri kwa sitolo yomweyo. Pabwalo pali njinga zotsamira pa mtengo, ndi amai okhala pansi ndi malicero a ufa ndi mtedza.

Tsono mtsinje uja, umene kale udali wotungamo madzi midzi ya mbali zonse ziwiri, udasanduka malire. Tsidya la kumadzulo, pa mtunda wopita mphepo, padali maofesi a Boma, nyumba za Azungu ndi bwalo lao la gofu. Ndiko kumene lero kuchedwa Area 3. Tsidya la kum'mawa kudali masitolo a Amwenye, mzikiti, msika, ndi malo ogona anthu akuda. Zipatala nazo zidali ziwiri. Ca Azungu cidachedwa Top Hospital, ndiko kunena ca kumtunda, ndipo ca eni dziko cidachedwa Bottom Hospital, ca kumunsi. Dzina la Bottom lidakhalitsa zaka zambiri ufulu utabwera kale, ndipo amai osawerengeka adacirira kumeneko. Tsopano cipatalaco ndi Bwaila. Ana obadwira pa Bwaila ayenera kudziwa cifukwa cace agogo ao akali kunena kuti “ku Botomu.”

Lilongwe adalandira dzina la tauni m'caka ca 1947. Mukaima pa mlatho lero, mudzaona mzikiti waukulu tsidya la kum'mawa, minibasi zolimbirana njira, ndi anthu oyenda pansi osaleka kuyambira mbandakuca. Kumunsi kwace kuli msika wa Tsoka, wa zobvala za kaunjika, kumene anyamata adamanga maulalo a mitengo, ndipo wooloka alipira kandalama. Wojambula wa kale akadauka, sakadazindikira nyumba, koma mtsinje ndi khamu la ooloka akadazizindikira.

Fodya

Pali mtundu wina wa zithunzithunzi umene alimi adzaukonda: msika wa fodya. Amuna akhala pa mzere, mitolo ya fodya iri patsogolo pao, ndipo pa sikelo paima kalaliki ndi buku. M'caka ca 1920 Mzungu wina, A. F. Barron, adatsegula munda ku Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe. Iye ndi mnzace Wallace adayamba kugawira anthu a m'midzi mbeu ya fodya wa cikopa, wofukiza ndi utsi, nawaphunzitsa kakonzedwe kace, kuti pambuyo pace adzagule masambawo. Ulimiwo udafalikira msanga m'maboma a Lilongwe ndi Dowa, kotero kuti mu 1926 Boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira alimi ndi misika. Njanji itafika ku Salima mu 1935, malole adali kutsitsira fodya kumeneko, ndipo kuyambira 1938 adali kugulitsidwa pa okushoni ku Limbe.

Fodyayu ndiye adamanga Lilongwe woyamba. Ndalama za mlimi zidathera pa msonkho ndi pa sitolo ya Mmwenye. Sitolo idakula, malole adaculuka, ndi tauni idakula nao. Koma funsani mafunso athu aja. Pa sikelo paima mwamuna. Nanga amene adatunga madzi othirira nazale, nasoka masamba usiku, nasonkha moto m'cigafa, ali kuti? Mai ndi ana ace sadalowe m'cithunzithunzico. Mitengo imene idadulidwa kuti ifukize fodyayo nayonso mulibe. Ndipo nkhope za amuna aja sizitiuza kuti mtengo wa fodya udagwa koopsa m'zaka za 1930, kotero kuti ambiri adabwerera kumudzi ndi ndalama zosakwanira ngakhale msonkho. Inu amene mumagona pa Kanengo kudikira mabelo anu mudziwa kuti nkhawa ya pa sikelo siidathe, idangosamuka malo.

Likuni

Tituruke pang'ono m'tauni, tilowe mseu wa kumwera cakumadzulo. Ulendo wa maola awiri pa miyendo utifikitsa pa Likuni. Ansembe a White Fathers adayamba misyoni pa Chiwamba mu 1902, caka comwe ca Boma la Lilongwe, ndipo mu 1903 adasamukira pa Likuni. Cotero Boma ndi misyoni zidakulira pamodzi ngati ana a caka cimodzi, ngakhale nchito zao zidali zosiyana. Pa Likuni padadza sukulu, cipatala, ndi nyumba yosindikizira mabuku ya Likuni Press, imene idaturutsa mabuku ambiri a m'cinenero cathu.

Zithunzithunzi za pa misyoni muzidziwa: Bambo wa ndebvu zazitali, mkanjo woyera, kolona m'khosi, ana a sukulu akhala pansi ndi masileti, kumbali kwaima aphunzitsi ndi akatekisti. Iwowa ndiwo adayenda midzi ndi midzi pa miyendo, naphunzitsa anthu kuwerenga pansi pa mtengo, koma maina ao ambiri adatsala m'mitima ya adzukulu ao mokha. Ngati m'banja mwanu mudali mphunzitsi wotere, dzina lace lisafe ndi inu.

Tauni itakula, mpando wa Episkopi udadza ku Lilongwe. Dayosizi ya Lilongwe idakhazikitsidwa mu 1959, Ambuye Joseph Fady ali Episkopi wace woyamba, ndipo chalichi lace lalikulu liri ku Maula, pakati pa tauni yakale ndi yatsopano. Mu 1972 adalowa Ambuye Patrick Kalilombe, amene adalimbikitsa miphakati imene musonkhanamo lero. Papa Yohane Paulo Waciwiri adafika ku Lilongwe m'mwezi wa May 1989, ndipo mu 2011 Lilongwe adakhala Arkidayosizi.

Likulu m'chire

Tsopano tifika pa zithunzithunzi zimene zisiyana ndi zonse zija, pakuti zina mwa izo nzamitundu, ndipo ojambula ambiri adali a Boma la Amalawi. Cimodzi cionetsa mtunda wa udzu ndi mitengo ya apo ndi apo, mathirakitala akugumula nthaka. Cina cionetsa nyumba zoyera zosanjikizana zitaima zokhazokha pakati pa thengo, mseu wotakata ukudutsa, wopanda galimoto ngakhale limodzi. Amenewo ndi Capital Hill ndi City Centre pa ubwana wao.

Likulu la dziko lino lidali ku Zomba kuyambira nthawi ya Angerezi. Dr Hastings Kamuzu Banda adali kunena kuti ali m'ndende ku Gwelo, mu 1959 ndi 1960, adalota zinthu zitatu: kusamutsa likulu kupita ku Lilongwe, kumanga yunivesite ku Zomba, ndi kulambula mseu wa m'mbali mwa nyanja. Cifukwa cimene adapereka cidali cakuti cuma conse cidaunjikana kumwera, ndipo likulu la pakati lidzakokera citukuko ku cigawo ca pakati ndi ca kumpoto. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nkhaniyo idagamulidwa mu 1965. Angerezi adakana kupereka ndalama, nati nchitoyo njodula. Amene adabvomera ndi Boma la South Africa, la tsankho lija, limene lidakongoza Malawi marandi 8 miliyoni mu 1968. Ndipo ngongole imeneyo idanyozetsa dziko lathu pakati pa maiko ena a mu Africa. M'caka comweco akatswiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, adalemba mapulani a mzinda, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa kuti liyendetse nchitoyo. Lilongwe adakhala likulu mu 1975.

Zina zidatsata mofulumira. Cipatala ca Kamuzu Central cidatsegulidwa mu 1977. Njanji idafika kucokera ku Salima mu 1979, nipitirira ku Mchinji mu 1980. Bwalo la ndege la ku Lumbadzi lidayamba nchito mu 1983. Nyumba ya Malamulo yokha idatsalira ku Zomba kufikira 1994. Itabwera ku Lilongwe idayamba yabwereka malo ku nyumba yacifumu, ndipo nyumba yaceyace, yomangidwa ndi thandizo la China, idatsegulidwa mu 2010. Pafupi pace pali manda a Kamuzu, amene adamwalira mu 1997; ciliza cace cidatha kumangidwa mu 2006.

Okonza mapulani sadafune kuti likulu latsopano limere pa tauni yakale. Adaliika patali, nasiya nkhalango pakati, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene mpaka lero kusungidwa nyama za m'chire. Ncifukwa cace Lilongwe ali ndi mitima iwiri. Old Town ndi wa phokoso, wa malonda, wa anthu. City Centre ndi wa maofesi, mabanki ndi akazembe, ndipo dzuwa likalowa angoti zii. Mlendo wocokera kumudzi atsikira ku depoti ya ku Old Town, ndipo ngati ali ndi nkhani ku Capital Hill ayenera kukweranso minibasi ina.

Koma tibwerere ku cithunzithunzi ca mathirakitala cija. Woona mwacangu adzati: “Apa padali thengo lokhalokha.” Mlimi akapenya bwino adzaona mizere yakale ya cimanga pansi pa udzu, ndi mitengo ya mango itaima pamodzi, imene siimera yokha popanda munthu. Pamenepo padali midzi. Anthu ace adauzidwa kusamuka kuti mzinda umangidwe, nasiya minda, zitsime ndi mabwinja a makolo ao. Kalaliki amene akhala pa desiki lace ku Capital Hill akhala pa munda wa munthu. Sitinena izi kuti tidzudzule likulu, pakuti dziko liri lonse lifuna likulu. Tinena kuti amene adapereka nthaka yao akumbukiridwe pamodzi ndi amene adapereka ndalama.

Midzi ya manambala

Cina cimene cizunguza alendo ndi maina a malo. Kwathu mudzi uchedwa ndi dzina la mfumu, kapena la mtsinje, kapena la mtengo. Ku Lilongwe malo ambiri achedwa ndi manambala, ndipo manambalawo satsata kuyandikana kwa malo. Area 10 ayandikana ndi Area 43, pamene Area 25 ali kutali, kufupi ndi Kanengo. Wofuna Area 47 asayese kuti akapeza 46 ndiye kuti wafika.

Mapulani aja adagawa malo okhala anthu monga mwa kukula kwa mapoloti. Ku Area 3 ndi Area 9, kufupi ndi tauni yakale, ndi ku Area 10, 11, 12 ndi 43, kufupi ndi Capital Hill, nyumba imodzi idapatsidwa bwalo lalikulu lokwanira mabanja angapo a kumudzi. Kumeneko kukhala nduna, akazembe ndi eni makampani. Ku Area 18 kudamangidwa nyumba zocepera za anchito a Boma. Ndipo anthu wamba adapatsidwa mapoloti ang'onoang'ono kuti adzimangire okha, monga ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25. Malire a khungu adatha ndi ufulu, koma malire a thumba adalowa m'malo mwace, ndipo pena adatsata mizere yomwe ija.

Zithunzithunzi za nyumba za ku Area 10 zitangomangidwa zionetsa kapinga, maluwa, timitengo tobzalidwa kumene, ndi mpanda waufupi wa zitsamba umene munthu adatha kupatsirana moni ndi mnzace pamwamba pace. Pitaniko lero. Timitengo tija tidakula, ndipo miseu iri ndi mthunzi wokoma. Koma nyumba simudzaziona, cifukwa zidabisika kuseri kwa makoma atali a njerwa, a waya wa magetsi pamwamba, ndi mlonda pa cipata. M'mamawa mudzakumana ndi mzere wa anthu oyenda pansi: ophika, olera ana, osamala maluwa, alonda obwerera kwao. Acokera ku Kauma, ku Mtandire, ku Mgona, midzi imene mapulani sadaiwerengere. Mtandire ayang'anana ndi Area 47. Mbali yina madzi aturuka m'nyumba, mbali yina amai aima pa mzere ndi zidebe.

Cifukwa cace ciri m'ciwerengero. Mu 1966 anthu a m'tauni ya Lilongwe sadakwane 20,000. Mu 1977 adali pafupi 99,000. Mu 1987 adapitirira 220,000. Mu 1998 adafika 440,000. Ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 989,000. Munthu wobadwa m'caka ca ufulu waona tauni yace ikukula kakhumi kasanu. Palibe mapulani amene akadatha kuthamanga liwiro lotere. Anthu oculukawo sadagwe kumwamba ai. Ndi ana athu omwe, ocokera m'midzi mwathu, kumene minda icepa caka ndi caka. Cotero nkhani ya Mtandire ndi Kauma ndi nkhani ya kwathu. Mwana akati apite ku tauni, makolo afunse bwino kumene akagone ndi cimene akadye, pakuti Lilongwe wa pa kalendala ndi Lilongwe wa lendi ya mwezi ndi mwezi ali kutali ndi mnzace.

Madzi ndi mitengo

Tibwerere ku mtsinje kumene tidayambira, pakuti madzi saiwala khwawa. Pa zithunzithunzi zakale m'mbali mwa Lilongwe muli mitengo yowirira ndi bango, ndi amai akucapa pa miyala. Lero m'tauni magombe ace adakumbidwa ndi ofuna mcenga, ndipo zinyalala za msika zitsikira momwemo. Komabe mzinda wonse umwa mtsinje womwewo. Madzi ace asungidwa ku Malingunde, m'madamu awiri a Kamuzu, loyamba la 1966 ndi laciwiri la 1989. Gwero lace ndi nkhalango ya Dzalanyama, imene Boma lidaipatula kuti isungidwe mu 1922. Nkhalangoyo yadyedwa ndi makala ophikira m'tauni, kotero kuti mu 2015 Boma lidafika potumizako asilikali. Amene mudayendapo mseu wa Likuni m'mamawa mudaona njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Wopalasayo afuna cakudya ca ana ace, wogulayo afuna moto wophikira, ndipo onse awiri adzamva ludzu limodzi nkhalango ikatha.

Ngakhale m'kati mwa mzinda mitengo iri pa mlandu. Mu 2021 mitengo yambiri ya m'mbali mwa mseu wa Kenyatta, umene ulumikiza Old Town ndi City Centre, idagwetsedwa kuti mseuwo ukule, ndipo anthu ambiri adadandaula. Amene adaujambula mseuwo usanasinthe ali ndi cithunzithunzi cakale tsopano, ngakhale adacijambula dzana lomweli. Zinthu zisanduka zakale msanga kuposa m'mene tiganizira.

Nchito yotsalira ife

Tayenda mokwanira, tsopano tikhale pansi tipangane. Taona kuti cosowa cacikulu pa zithunzithunzi za Lilongwe ndi maina. Amtengatenga, atelala, amai a pa msika, akatekisti, eni midzi imene idasamutsidwa, onsewo nkhope zao ziripo, koma palibe wotiuza kuti ndi ana a yani. Bvuto lomwelo liri kubwera m'nyumba mwathu. Pafupifupi banja liri lonse liri ndi cithunzithunzi ca agogo atabvala suti ku Salisbury kapena ku Joni, ca ukwati pa khomo la chalichi, ca mwana wa sukulu, ca amalume tsiku limene adayamba nchito ku Lilongwe. Lero alipo wina wodziwa kuti uyu ndi uje, uyu ndi uje. Mawa sadzakhalapo.

Cotero tikupemphani zinthu zinai. Coyamba, madzulo ena mutatha kudya, turutsani zithunzithunzizo, muitane acikulire a pa mudzi, ana ali pomwepo, ndipo mufunse: ndani uyu, mwana wa yani, wa pfuko liti, padali pati, caka citi? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Caciwiri, lembani mayankhowo kumbuyo kwa cithunzithunzi ndi pensulo, mosakanikiza, cifukwa inki imalowerera niononga nkhope. Cacitatu, zisungeni pouma, m'citini cotseka bwino, kutali ndi ciswe, cinyezi, utsi ndi dzuwa. Musazipacike pa khoma lodontha. Cacinai, inu anyamata ndi atsikana a mafoni, jambulaninso zakalezo ndi foni, muzitumize kwa abale, kuti nyumba imodzi ikapsa cikumbutso cisapsere pamodzi. Ndipo mwa zanu zatsopano sankhani zingapo mukazisindikize pa pepala, pakuti foni imatayika, imabedwa, imafa.

Ndipo pojambula musamangosankha tsiku la suti lokha. Jambulani amai ali pa mtondo, cigafa ca fodya, nkhokwe, citsime, mtengo wa pa bwalo, mlatho wa kwanu ndi msika wa kwanu. Zimene muziyesa zacabe lero ndizo adzukulu anu adzazifuna ndi misozi. Lilongwe nayenso adali kamudzi ka pa dooko, ndipo sadaganize munthu kuti tsiku lina anthu adzafunsa pamene padali nyumba ya mfumu. Mudzi wanu ungathe kudzakhala mphambano ya mawa.

Mukadzapitanso ku likulu, imani pang'ono pa mlatho wa Lilongwe, muonetse ana tsidya la Boma ndi tsidya la msika, muwauze za Njewa, za fodya wa cikopa ndi za ku Botomu. Tsalani bwino nonse, ndipo mutiperekere moni kwa agogo.